Mawaya a Galimoto ya Bambo

Bambo anga atadwala sitiroko, mkono wamanja unafa ndipo mawu anawathawa. Ankangotha kubuula ndi kuloza. M'mawa uliwonse ankaloza kuseri kwa nyumba, kumene kunali pikapu yawo yakale yobiriwira, imene ankanyamulira usipa wouma kupita nawo ku Lilongwe kuyambira ine ndisanabadwe.

Injini inkalira ndithu tikabwereka batire. Chimene chinaonongeka ndi dashibodi, kutsogolo kuja kumene kumakhala mamita ndi mabatani. Dzuwa la kwathu kuno linali litaing'alula paliponse, makoswe anatafuna mawaya ena, ndipo mavu anamanga m'kabokosi ka mapepala.

Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale, za galimoto sindizidziwa. Komabe nditabwera kumudzi pa holide, ndinauza mayi kuti ndiikonza.

"Mwana wamkazi iwe, umakaniko unauyamba liti?" anatero mayi. "Ungowautsa mtima bambo akowa."

Sindinawamvere. Ndinatenga sikuludiraiva m'chitini cha bambo n'kumasula dashibodi yonse. Mawaya ndinkangozula, osaika chizindikiro chilichonse, poti ndinkati ndikumbukira. Ku boma ndinapeza guluu, sandipepa ndi chikopa chakuda kwa anthu okonza mipando ya minibasi pafupi ndi depoti. Masiku anayi ndinakhala pa mkeka kutseka ming'alu, kupala, kumata. Mchenga wouluka ndi mwera unkakakamira pa guluu, mpaka ndinamatula kawiri. Mamita ndinawapukuta ndi mswachi. Nditamaliza, ngakhale mayi anaima n'kuyang'anitsitsa.

Vuto linabwera pobwezera. Mawaya anali lendelende pansi pa chiwongolero, ofiira, achikasu, ena okulungidwa ndi tepi yakale, ndipo ndinalibe n'chimodzi chomwe chimene ndinkakumbukira.

Tinawanyamula bambo n'kuwakhazika pa mpando pafupi ndi chitseko cha galimoto. Ndinagwira waya wofiira.

"Uwu ulowe apa, bambo?"

Anagwedeza mutu ngati akuvomera. Nditalumikiza, anakuwa n'kumenya mpando ndi dzanja lamanzere. Ndinachotsa. Anakuwanso. Kenako mayi anandinong'oneza kuti chidwalire, bambo amasokoneza inde ndi ayi, ngakhale ukawafunsa za tiyi.

Ndinawapatsa choko ndi kabolodi. Analimbana nacho ndithu, thukuta lili kamukamu, koma chimene chinatuluka ndi mizere yokhotakhota yopanda mutu. Anaiyang'ana, n'kundiyang'ana ine. Maso awo ankaonetseratu kuti akudziwa kumene waya aliyense akupita. Choko chinagwa pansi, misozi n'kuyamba kutsika. Ine ndinangokhala m'galimotomo, waya uli m'manja.

Lachisanu, anthu atatuluka ku mzikiti, amalume anabwera ndi makaniko wa ku Khombedza, bambo waimvi ndithu. Anagona chagada pansi pa chiwongolero nthawi yaitali, kenako anatuluka akudzisasa fumbi.

"Achemwali, izi si za kufakitale. Munthu analumikiza yekha, mwanjira yake. Kale zoterezi zikatikanika tinkapita kwa achikulire ena onyamula usipa kunyanja kuno. Kaya alipo?"

Amalume anangotembenukira kukhonde kumene bambo anakhala, ndevu zitamera, thupi litatha. Makaniko uja anawayang'ana bambo anga kanthawi, n'kuvula chipewa. Anapita kukagwada pafupi nawo.

"Akuluakulu, ndine mwana wanu uja munandiphunzitsa kumanga mabuleki. Pepani, sindinakuzindikireni."

Bambo anayesa kuyankha. Milomo inagwedera, koma panatuluka phokoso lokha.

Munthuyo anayesetsa mpaka dzuwa kupendeka. Nyali imodzi inayaka, koma akatembenuza kiyi hutala inkangolira yokha. Mivi ya mamita sinasunthe. Pomaliza anati akayesa kufunsa anzake, koma nkhope yake inandiuza kuti palibe woti n'kumufunsa.

Holide inatha. Ndinamanga mawaya onse pamodzi ndi linya, ndinawakankhira mkati, n'kumangirira dashibodi m'malo mwake. Kunja inkawala bwino kwambiri. Potsanzika ndinagwada n'kunena kuti, "Bambo, ndalephera. Mundikhululukire."

Anandigwira dzanja, n'kulitembenuza, akuyang'ana mabala a sandipepa m'zala zanga. Sanandisiye msanga. Wakabaza anali akundidikira pamsewu, ndipo mayi ndi amene anabwera kudzamasula zala zawo chimodzichimodzi.