Kamphaka kamene kanatsala kwa agogo

Agogo aamuna ankamveka fungo la zinthu ziwiri: fodya wa m'chigafa ndi mankhwala a nkhupakupa, omwe sanachoke m'jekete lawo ngakhale anali atapuma kalekale ntchito yosambitsa ng'ombe kudibi. Fungo limeneli ndilo linandilandira kumudzi kwawo, kuseri kwa Malomo, mayi anga atamwalira. Ankanditchula "akazi anga", monga amachitira agogo ndi mdzukulu, ndipo chimanga choyamba kupsa pamakala, mango oyamba kugwa, mpando wa pamiyendo pawo, zonsezo zinali zanga ndekha.

Ufumu wanga unatha m'mawa wina m'nyengo yosoka fodya, pamene anatuluka m'chigafa atanyamula chipewa ndi manja awiri. M'chipewamo munali tiana ta mphaka titatu, tolira mosalekeza, mayi wake atagwidwa ndi galu.

"Tabwerani muone akazi anzanu," anatero.

Ine sindinaseke.

Anayala thumba pakhonde n'kuyamba kutipima kamodzikamodzi, ndi zala zomwe zija zinkagwetsa nkhunzi. Ankatsina chikopa cha pakhosi n'kuchisiya, kuona ngati chibwerere msanga. Ankatukula mlomo kuona nkhama, kupukuta manthongo ndi kansanza koviika m'madzi ofunda, kusisita pamimba, kenako kutsata utitiri m'ubweya mmodzimmodzi, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Phala langa linazizira m'mbale, iwo osacheuka n'komwe.

Tiwiri tinali bwino. Kachitatu, kotuwa, kanali ndi nkhama zoyera ngati ufa, ndipo chikopa chake chinangoima pomwe anachitsina.

"Tiwiriti tikayamba kudya tokha tipita kwa ofuna amphaka," anatero agogo. "Aka kakhala. Chodwala sitipatsa anthu."

Kunena zoona, kamphakako ndinadana nako. Mkaka wa mbuzi womwe unkalowa m'phala langa unayamba kuthera m'jekeseni yopanda singano. Botolo langa la madzi a kusukulu linasanduka chofunditsira, atalikulunga m'sokosi. Kankagona m'thumba la jekete lawo, mutu uli panja, kundiyang'ana ndi diso limodzi lamanthongo monga amachitira mkazi wamng'ono pa mitala. Tinzake tija tinapitadi, kena kwa abusa, kena kwa mayi wina wa chigayo, koma iko kanatsala, kakuyetsemula ndi kudya bwino.

Fodya atatha, kunabwera mayi aang'ono ochokera ku Mponela, komwe ankaphunzitsa. Ndili kuseri kwa nkhokwe ndinamva akuti mwana wamkazi sangakulire m'manja mwa nkhalamba, ndipo kumeneko sukulu ili pafupi. Agogo anangoti, "Tamva."

Lamulo la agogo lija, loti chodwala sapatsa anthu, ndinali nditalisunga. Tsiku la ulendo sindinadzuke. Ndinadzikulunga m'bulangete n'kumabuula, ndikutsokomola chifuwa chomwe ndinaphunzira kwa mdani wanga yemwe uja.

Agogo anabwera n'kugwada pamphasa. Ananditsina chikopa cha padzanja, chinabwerera pomwepo. Ananditukula mlomo, kundikoka zikope, kundisisita pamimba. Anachita zonse pang'onopang'ono, kuposa mmene anachitira ndi amphaka aja. Nyimbo sanaimbe. Ndinawayang'ana m'maso kuwapempha kuti aname, kamodzi kokha.

"Ali bwino akazi angawa," anauza mayi aang'ono, nkhope atalozetsa kukhoma. "Alibe vuto pena paliponse. Apite."

Njinga yomwe inatinyamula itayamba kutsetsereka ndinacheuka. Agogo anali ataima pakhonde, dzanja lili m'thumba la jekete, momwe munali kamphaka kaja.

Ku Mponela ndinakula bwino, sindinganame, ndipo sukulu ndinamaliza. Kwa agogo ndinkapita patchuthi, ngati mlendo, n'kukapeza chimphaka chonenepa chitadzitambasula pamiyendo pawo. Pamene ankamwalira, akuti chinali kumapazi kwawo. Ine uthenga unandipeza m'kalasi.

Lero ndine mayi wa ana akuluakulu, ndipo ndikudziwa kuti agogo anachita zoyenera. Koma kudziwa sikuchiza nsanje. Ana anga akhala akundipempha mphaka kuyambira ali aang'ono, ine n'kumawauza kuti ubweya umandiyetsemulitsa. Sindinayetsemulepo n'kamodzi komwe.