Fupa la Pachinena la Lastone

Lastone Mwanza ankawotcherera zitsulo pafupi ndi msika wa Kafue, koma anthu ankamudziwa chifukwa cha mpira. Ankasewera kumbuyo m'timu ya m'komboni, ndipo Lamlungu akaweruka kutchalitchi ankakwera lole kukasewera pafumbi ku Shimabala kapena ku Chanyanya.

Ululu unayamba pang'onopang'ono, m'mphechepeche. Akamenya mpira mwamphamvu, pachinena pankabaya. Patapita miyezi, ngakhale kutsika minibasi kapena kutsokomola kunasanduka ntchito.

Pa kachipatala kena anamupatsa mapilitsi a matenda opatsirana pogonana, zotsatira za magazi zisanatuluke n'komwe. Mkazi wake Elina, wogulitsa tomato pamsika, anafufuza dzina la mankhwalawo pafoni.

"Ba Lastone, ku Chanyanya mumayenda kukachaya bola chabe?"

"Bola chabe, Elina."

"Nanga izi?"

Magazi anapezeka abwino, koma ululu sunachoke, ndipo kukayika kwa Elina sikunachokenso. Ankamuphikira, kumuchapira, koma anasiya kuseka naye. Anzake a m'timu ankamugemula kuti wapsa. Kutchalitchi anamupempherera mpaka iye anatopa nako kupita kutsogolo kukapemphereredwa.

Mvula itatha anatumizidwa ku Lusaka. Dokotala wa mafupa anaika chibakera pakati pa mawondo ake n'kumuuza kuti apane. Lastone anakuwa. Dokotalayo anati pafunika kujambula ndi makina a MRI, amene amaonetsa mkati mwa fupa ndi minofu.

Tsiku lojambula Elina anasiyira mnzake Peggy tomato n'kupita naye. Wojambula atamva kuti Lastone ndi wowotcherera, anaika cholembera pansi. Makinawo ndi maginito amphamvu, anatero, ndipo kachitsulo kotsalira m'diso kangathe kusuntha. Lastone anayenera kuyamba wajambulitsa maso. Anabwerera ku Kafue osachita kanthu.

M'maso mutapezeka kuti mulibe kachitsulo, ulendo wotsatira anamulowetsa m'makinawo. Anagona chagada m'chimphanga choyera, makina akugogoda ngati nyundo za kuntchito kwake. Anamuuza kuti asagwedezeke, ndipo sizinamuvute. Analibe mphamvu zogwedezekera.

Dokotala anawaonetsa chithunzi pakompyuta: madontho oyera mbali zonse ziwiri, pamene mafupa a m'chiuno amakumana kutsogolo.

"Fupa latupa," anatero. "Minofu ya m'ntchafu ndi ya pamimba yakhala ikulikoka zaka zonse mwakhala mukumenya mpirazi."

"Sizopatsirana, ba dokota?" anafunsa Elina.

"Ayi, mayi. N'za mpira."

Mankhwala ake anali kupuma miyezi yambiri ndi kulimbitsa minofu pang'onopang'ono. Za kubwerera pabwalo, dokotala sanalonjeze.

Pobwerera Elina sanapepese. Anangokangana ndi kondakitala mpaka Lastone anapatsidwa mpando wakutsogolo, poti atambasule mwendo. Atafika pa Shimabala anamusendera nthochi n'kumupatsira kuchokera kumbuyo.

Masiku ano Lastone amawotcherera atakhala pakampando, ndipo mageti olemera amamunyamulira ena. M'mawa amayala thumba pansi n'kuchita zimene anamuphunzitsa kuchipatala, ngakhale masiku ena sachita. Timu inapeza wina wosewera kumbuyo. Makasitomala akamufunsa kuti adzayamba liti kusewera, amatsitsa magalasi akuda kumaso.

"Tizaona," amatero, n'kuyatsa moto.