Tiulusi pa makumba a bambo

Sindinawauzepo amuna anga chifukwa chimene mwana wathu sindimudyetsera makumba. Dzulo pamsika wa ku Thyolo, fungo la matope pansomba linandibwezera kudziwe limene bambo anakumba ntchito itawathera kuesiteti.

Makumba awo anamera tiulusi pa zilonda zofiira. Ndinadzamva kukoleji kuti ndi tizilombo ta mtundu wa nkhanu. Bambo ankawasambitsa m'beseni la madzi amchere, ine ndikuzula tiulusito, koma mitu yake inkatsalira m'mnofu.

"Inu, mchere wonse uthere nsomba zodwala?" anakalipa amayi.

"Zichira izi," anatero bambo.

Kutacha, dziwe lonse linayera ndi mimba za nsomba zakufa. Bambo anatola imodzi, youma kale, n'kundipatsa.

"Mwanawe, tazula kaulusi kotsalaka."