Mawu Anandithawa, Nyimbo Inatsala

Mutu waching'alang'ala unandiyamba ndili mtsikana. Usanabwere ndinkaona timizere tonyezimira m'maso, kenako unkagunda mbali imodzi mpaka kusanza. Ndinauzolowera. Ndinkangomanga duku, n'kugona m'chipinda chotseka, mawa lake n'kubwerera kumsika wa ku Zóbuè kumene ndimagulitsa kabichi ndi mbatatesi.

M'nyengo ina yozizira, nditapitirira zaka makumi asanu ndi limodzi, timizereto tinabwera m'mawa ndili pabenchi. Ndinadikira mutu koma sunabwere. M'malo mwake dzanja lamanja linalemera, mbale ya mbatatesi n'kugwa. Pofuna kuyankha wogula, pakamwa panga panangotuluka phokoso.

Bambo Sulemani, amene golosale yawo yayang'anana ndi benchi langa, anafika pafupi nati, "Amayi, pakamwa panu papotoka. Uwu si mutu wanu uja." Anatseka sitolo n'kundipezera galimoto yopita ku Moatize, kumene kumakhala mwana wanga Rozita.

Kuchipatala anapeza tensau yanga, kuthamanga kwa magazi, itakwera kwambiri, ndipo ananditumiza ku Tete. Kumeneko ananditenga chithunzi cha m'mutu. Dotolo anauza Rozita kuti, "Iyi ndi trombozi, kutsekeka kwa mtsempha wa magazi m'bongo. Anthu amene mutu wawo umayamba ndi kuwala m'maso ayenera kusamala kwambiri, makamaka tensau ikakwera."

M'wodi tinkayezedwa m'mamawa, kumwa mankhwala, n'kudikira. Zonse ndinkamva, koma dzina la mwana wanga lomwe linkandikanika.

Lamulungu lina kunabwera amayi a mpingo kudzaona mnzawo wa bedi loyandikana ndi langa. Atayamba nyimbo imene ndinkaimba kuyambira paubwana, ndinamva mawu anga akutuluka, ndime yonse, osaphonya. Rozita anagwira pakamwa. Nyimbo itatha, mawu anathawanso. Namwino anandigwira phewa nati, "Nyimbo ili ndi njira yakeyake m'bongo. Pitirizani kuimba."

Ndinayamba kupempha madzi moimba, kupereka moni moimba. Pang'onopang'ono mawu anayamba kubwera okha. Mpaka lero ndimazizwa ndi mmene Mulungu anapangira mutu wa munthu.

Tsopano ndabwerera kumsika. Dzanja limatopa msanga, ndikafulumira lilime limapunthwa, ndipo mankhwala a tensau sindiphonya.

Inu amene mwakalamba ndi ching'alang'ala, muziyezetsa tensau. Mutu ukabwera mwachilendo, dzanja likalemera kapena mawu akasokonekera, musamange duku n'kukagona. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo.