Chipere Chosachoka pa Galu Wathu

Chipere chinayambira pakhutu la galu wathu m'nyengo ya mvula, madzi atadzaza njira za ku Kanyama moti tinkapita kusukulu nsapato zili m'manja. Kanali kabwalo kakang'ono ngati chotsekera botolo, kopanda ubweya, kotuwa m'mbali. Ine ndinali mu giredi teni.

Atate anayamba ndi kumupaka oilo wakuda wa galimoto, monga amachitira ambiri kwathu. Galuyo ananyambita oiloyo nasanza masiku awiri, chipere chili pomwepo. Ndiye ine ndi amayi tinamukoka pa chingwe mpaka kwa dokotala wa ziweto. Dokotalayo anatikalipira chifukwa cha oiloyo, kenako anatipatsa sopo wamadzi ndi mafuta opaka. Anati tizimeta ubweya kuzungulira chiperecho, tiwotche thumba limene galuyo amagonapo, ndipo tisasiye mankhwala ngakhale ubweya utayamba kumera.

Tinachita zonsezo. Ndinkamusambitsa kawiri pa sabata nditavala mapulasitiki m'manja. Tsiku loyamba ndinamumeta ndekha ndi sizasi, koma pambuyo pake ndikabwera kusukulu ndinkapeza atametedwa kale, mosalala bwino. Ndinkayesa ndi amayi. Chipere chinazilala pakhutu, chinatulukira pakhosi. Chitatha pakhosi, chinatulukira pamsana. Kenako mng'ono wanga wa zaka zisanu ndi chimodzi anayamba kukanda m'mutu.

Lachitatu lina mayi woyandikana nafe analowa pageti atagwira ana ake awiri pamikono.

"Onani mitu ya bana banga, ba neba," anatero kwa amayi. "Ni galu yanu iyi. Ngati simuzaichosa, nizaiponyela kanyama ine. Muzaipeza m'mawa yauma."

Sindinakhulupirire kuti munthu amene timaimba naye kutchalitchi angalankhule za poizoni poyera chotero. Atate atamva sanatsutse n'komwe. Anati Loweruka amutenga galuyo akamusiye kutali, kupitirira Lilanda, kumene sangadziwe njira yobwerera. Galu amene ndinamulera ndi phala kuyambira ali kamwana.

Lachisanu tinaweruka msanga chifukwa aphunzitsi anali ndi msonkhano. Pafupi ndi geti lathu panali kashopu ka malata ka amalume, mlongo wawo wa amayi, kumene ankameta anthu. Ndinamva makina ometera akulira kuseri kwake. Nditasuzumira, ndinawapeza atamupana galu pakati pa miyendo, akumumeta pamsana pomwe panali chipere.

"Ba malume, muchita chani?"

"Nimeta kasitomala wanga. Uyu ndiye wabwino, sakambako kuti nalakwisa sitailo."

"Na makina yamene mumetela banthu?"

"Nanga nili na yangati? Dokota anakamba kuti tizimeta, si so? Iwe na sizasi yako unamusiya monga nkhuku yonyowa."

Anamumasula galuyo, anauzira makinawo kawiri, anawapukuta pa thalauza, n'kuitana bambo wina amene ankadikira pa benchi. Ndinaona mano a makinawo akulowa m'tsitsi la bamboyo. Mng'ono wanga amametedwa pampando womwewo. Ana a mayi uja nawonso.

Ndinakhala kuseri kwa nyumba nthawi yaitali yunifolomu ili m'thupi. Amalume ankachita zimenezi chifukwa chomumvera chisoni galuyo, ndipo kashopu kaja ndiko kankawadyetsa. Mwana wamkazi saneneza amalume ake. Koma m'mawa mwake munali Loweruka.

Ndinawauza amayi akuchapa. Anasiya chovala m'beseni, thovu lili m'manja, n'kundiyang'ana osaphethira.

"Waona na maso yako?"

"Ee, amayi."

Anapita kukashopuko osapukuta manja. Sindinamve zonse, koma mawu a amalume anamveka: "Sipiliti yosukila makina inasila mwezi watha, mulamu baziba." Atate, amene anali atangofika, anayankha kuti iwo sadziwa kalikonse.

Loweruka atate anamutengadi galuyo, koma anapita naye kwa dokotala uja, makinawo ali m'thumba la pulasitiki. Dokotalayo akuti anagwira pakamwa. Anati palibe angadziwe ngati chiperecho chinayambira kwa galu kapena pamutu pa munthu, koma makinawo ndiwo ankachifalitsa, ndipo mano ake ayenera kutsukidwa ndi kuviikidwa m'mankhwala akangometa mutu uliwonse. Anatinso ana onse amene anali ndi chipere apite kuchipatala.

Amayi anakamuuza okha mayi uja zoona zake. Pofika madzulo msewu wonse unali utamva, ndipo benchi ya amalume inakhala yopanda munthu milungu ingapo. Ena ankati akamadutsa pakashopupo amauwa ngati galu.

Galuyo anatsala. Tinapitiriza mankhwala mpaka dokotala atanena yekha kuti basi, ndipo ubweya unamera wonse. Amalume anasiya kundiyankha moni. Ndinkawapatsabe m'mawa uliwonse popita kusukulu, iwo n'kumayang'ana pagalasi ngati sanamve. Patapita mwezi ndi theka, ndikudutsa, ndinawapeza akuviika mano a makina m'kabotolo. Sanatukule mutu.

"Iwe wa sayansi," anatero, "bwela uone ngati nachita bwino."