Mpini wa Khasu M'chikwama cha Gofu

Adada, lelo zakwana zaka ziwili chitisiyileni. Dzulo kubwalo la gofu ku Chipata bambo wina anaseka ataona mpini wa khasu m'chikwama changa, akuti ndigule zida zenizeni zophunzilila kumenya mpila. Ndinakumbuka tsiku lija ku Chikomeni, titamaliza kukumba nshawa. Munaupingasa mpiniwo pamapewa panga nkunena kuti, "Tembenuka ndi chiuno, mwana wanga, manja azingotsatila." Odutsa anati mukuononga mwana wamkazi ndi masewela a azungu. Inu simunacheuke nkomwe.

Bamboyo ndinamuuza kuti mphunzitsi wanga anali adada anga, amene ananyamulila anthu ndodo za gofu zaka zambili, ndipo ankadziwa zimene ankachita. Sinditaya mpini wanu, adada. Loweluka ndili pampikisano, ndipo ndidzayesezela ndi womwewo onse akuona.