Tsiku Limene a Mlalang'amba Anasaka Mwezi

Ana asukulu ndi amene anawapatsa dzina loti a Mlalang'amba, ndipo linawakanirira moti ngakhale akazi awo akapsa mtima ankawaitana lomwelo. Anali mphunzitsi wa jogalafe. Chaka chilichonse akafika pa mutu wa zakuthambo ankatukula chifuwa, mimba ili patsogolo, n'kuyamba kulakatula mayina a nyenyezi ngati akutchula abale awo. Koma zokweza mutu kuyang'ana kumwamba, ayi ndithu. Kukangoyamba kuda iwo amakhala atakhala kale pampando wawo wa pabalaza, miyendo ili patebulo, akufunsa kuti wasuntha wailesi ndani.

Anafika pasukulupo adakali ndi tsitsi. Anzawo a nthawi imeneyo ena anakwezedwa, ena anasamuka, ena anapuma. Iwo anangotsala ngati chitsa cha pakati pa msewu, aliyense n'kumachilambalala. Makope a ana ankachonga tsamba loyamba lokha. Kunyumba babu likapsa ankaitanitsa alamu awo kuti akwere pampando, iwo ali pansi manja kumbuyo, akulangiza.

"Alamu, pindirani kumanja. Kumanja ndati."

"Ndi kumanja komweku, alamu."

"Ndiye pindirani bwinobwino."

Chaka china bungwe lina linapereka telesikopu kusukuluko, makina oonera zakumwamba. Inali ya thupi lonenepa ngati ndowa, yoima pa miyendo itatu, ndipo inali ndi karimoti ka waya wopotanapotana. Ukauza karimotiko chimene ukufuna kuona, makinawo amatembenuka okha n'kuchiloza. Bokosi lisanatsegulidwe n'komwe, a Mlalang'amba anali atagwetsapo kale dzanja.

"Izi ndi za mbali yanga," anatero. "Ndipo sizifuna fumbi. Sizifuna chinyezi. Sizifuna phokoso."

Ndi mmene anapezera kachipinda ka kumapeto kwa khonde, kokhala ndi loko wake ndi zenera loyang'ana kumitengo. Telesikopu anaikankhira pakona n'kuifunditsa katani yakale. Pamalo otsalawo anaikapo mpando wa khushoni, ketulo, ndi katoni yopondapo miyendo. Anzawo akuphangirana mipando m'chipinda cha aphunzitsi, mmene munkanunkha choko ndi masokosi, iwo amakhala atakhoma chitseko, akuliza mkonono womveka mpaka pakhonde.

Karimoti kaja anakazula n'kumayenda nako m'thumba la jekete, waya ukulendewera ngati mchira wa khoswe. Pamsonkhano ankakatulutsa n'kukaika patebulo. Kometetsa, ngakhale kulibe kwenikweni chometa, ankakadinadina pamaso pa anthu. Kalibe moto kakachotsedwa pa makina ake, koma wometayo akanadziwa bwanji?

"Sala, tidzaonera liti?" ana ankafunsa.

"Kuli mitambo."

Mitambo ikachoka kumakhala fumbi. Fumbi likatha, mwezi wawala kwambiri. Mwezi ukapita, kwada kwambiri, mungapunthwe n'kugwetsa makina. Ana analowa sukulu, n'kumaliza, ena mpaka kubereka, osaona ngakhale mtundu wa chinthucho.

Kenako kunabwera ahedi atsopano, mayi wosaseka zachabechabe. Sabata yoyamba yomwe anapeza mtsikana wodwala atagona pabenchi ya pakhonde, anzake akumulumpha miyendo. Anafunsa ngati pali chipinda chogonekamo odwala. Kunalibe. Anayenda khomo ndi khomo mpaka anafika pa chitseko chokhoma chija, n'kugogoda. A Mlalang'amba anatsegula chitseko, diso limodzi lili lofiira, patsaya pali chidindo cha khushoni.

"Aphunzitsi, muno mumachitika chiyani?"

"Muno ndi mosungira makina, mayi. Makina osalimba kwambiri."

"Amagwira ntchito?"

"Kwabasi."

"Chabwino. Lachisanu dzuwa likangolowa mutionetse, ine ndi ana. Madamu a fizikisi akhala akupempha makinawa, adzakuthandizani. Akagwira ntchito, chipindachi chikhala chanu ndi madamuwo, ana azilowamo. Akapanda kugwira, ndikufuna kiyi."

Kugawana ndi madamu kunawawawa, koma kubwerera kuchipinda cha aphunzitsi kunali imfa yeniyeni. Madzulo amenewo anafukula kabuku ka malangizo n'kuwerenga monga mwa chizolowezi chawo, tsamba loyamba. Akazi awo anawapeza akuwodzera nako.

"Bambo a ana, bwanji osangowapempha madamuwo kuti muyesere limodzi mawa?"

"Ine? Kamwana kamene kaja kanabadwa ndili kale pabolodi."

"Pabolodi pomwepo ndi pamene mudakali," anatero mayiwo, n'kuzimitsa wailesi.

Lachisanu kunja kunayera mbee, kopanda ndi kamtambo komwe kowapulumutsa. Anyamata ananyamula makinawo kukawaimika pabwalo la mpira, mwendo umodzi pa kachulu. Madamu a fizikisi, mtsikana wolankhula motsitsa, anawerama kuti aufupikitse kuti makinawo aime mowongoka.

"Musagwire, madamu. Mafuta a m'manja amawononga."

Analumikiza waya, karimoti n'kuyaka kofiira. Ana anakuwa. A Mlalang'amba nawo anadzidzimuka, poti kanali koyamba kukaona kali moyo, koma anatsokomola n'kubisa. Kanafunsa tsiku, anakauza. Kanafunsa nthawi ndi malo, madamu anawerenga pafoni, iwo n'kumadina ngati akudziwa kale.

Tsono makina amenewa ndi akhungu. Sadziwa kumene ayang'ana mpaka munthu awauze. Karimoti kamatchula nyenyezi, iwe n'kuyendetsa makinawo ndi mabatani mpaka nyenyezi imeneyo ikhale pakati penipeni pa kagalasi kosuzumira, kenako n'kudina batani lovomera. Kuchokera pamenepo makina amawerengera okha pamene pali china chilichonse. Ukawanamiza sakutsutsa. Amangokhulupirira.

"Sala, bwanji tichite njira ya nyenyezi ziwiri?" anatero madamu. "Akuti ndi imene siphonya kwambiri."

"Ziwiri ndi za ophunzira kumene. Wodziwa, imodzi yakwana."

Karimoti kanalemba dzina. Ankalidziwa bwino dzinalo. Analilemba pabolodi zaka zonsezi, analifunsa pamayeso, anakwapulirapo ana olilemba molakwika. Anakweza mutu, khosi n'kulira kuti gwede. Kumwamba kunali timadontho tambirimbiri tikungotuluka kumene, ndipo panalibe ndi kamodzi komwe kolembedwa dzina.

Anazungulira pang'onopang'ono, dzanja lili pachibwano. Chakumadzulo, pamwamba pa denga la holo, panali chimodzi chowala kuposa zonse.

"Iyo," anatero. "Mwaiona? Mfumu ya nyenyezi."

"Sala," madamu ananong'ona kuti ana asamve, "ndikuganiza kuti imeneyo ndi Nthanda, pulaneti ija imene nthawi zina imaonekanso madzulo. Siphethira. Imene karimoti kakunena iyenera kukhala chakuno, pamwamba. Sindikutsimikiza, koma titha kuona pafoni."

"Mukuganiza. Simukutsimikiza. Ine ndikudziwa."

Anadina mabatani. Makina analira ngati lezala la magetsi, kupitirira, kubwerera, kupitiriranso. Anasuzumira, tayi ikulendewera, thukuta likutsikira m'kolala. Kuwala kutangodutsa m'mphepete mwa galasi anadina kuvomera msangamsanga ngati wagwira ntchentche. Karimoti kanalemba kuti zatheka.

"Mwaona? Kavomera kokha. Ndiye mukufuna chiyani? Tchulani chilichonse."

"Mwezi, sala!"

Mwezi unali apo, chibenthu choyera pamwamba pa golo, woti ngakhale mwana wakhanda akanauloza. A Mlalang'amba anasankha mwezi pakarimoti, anadina, n'kupinda manja pamimba.

Makina anayamba kutembenuka mwaulemu wake. Anaupatsa mwezi nkhongo. Anadutsa holo, anadutsa mitengo, n'kuyamba kuweramira pansi, pansi, mpaka anaima n'kulira kuti pii, kusonyeza kuti afika. Anali ataloza khoma la zimbudzi za anyamata.

Kenako mtsikana wina wamtali wa folomu yomaliza anapita kukasuzumira, nakhalapo kanthawi ndithu.

"Mukuoneka chiyani?" anzake anafunsa.

"Mwezi uli ndi njerwa," anatero. "Ndipo wina analembapo zotukwana."

Bwalo lonse linaphulika. Ena anagwa pansi, ena ankamenyana pamsana. Ahedi okha sanaseke. Anadikira phokoso lizizire, n'kuyandikira.

"Aphunzitsi, ndiuzeni chinthu chimodzi. Vuto ndi makina, kapena pali pamene paphonyeka? Ngati paphonyeka si mlandu. Madamu ali pano, mwezi sunathawe, yambaninso."

"N'zosavuta, sala," anatero madamu. "Tingozimitsa, tiwongole mwendo uja, tisake nyenyezi ija limodzi."

Chimene chinkafunika chinali chochepa kwambiri. Kungoti, madamu, tandionetsani. Mawu awiri, chipinda n'kutsala, mpando n'kutsala, tulo ta masana n'kungochepako pang'ono. A Mlalang'amba anayang'ana ana, nkhope zonse zili kwa iwo, mano ali pamtunda. Anayang'ana madamu, kamwana kaja. Anakonza tayi.

"Makinawa ndi akufa, mayi."

"Akufa?"

"Anabwera ali akufa kale. Ndinaona tsiku loyamba lomwe, kungoti sindinafune kukhumudwitsa ana. Anthuwa amatitumizira zinthu zotha ntchito kwawo. Ubongo wake unasokonekera panjira."

"Lolemba munandiuza kuti amagwira ntchito kwabasi."

"Ndinkanena za magetsi ake. Mwaona nokha, akuyaka."

"Simukufuna kuyesanso?"

"Kutaya nthawi. Ndi zaka zanga zonsezi, ndikanena kuti chinthu chafa ndiye kuti chafa."

Ahedi anawayang'ana kuyambira kudazi mpaka kunsapato, osafulumira, ngati mmene munthu amayang'anira chinthu chimene wapondapo.

"Chabwino. Chakufa sichiopa fumbi. Madamu, tengani makinawa mukawaike kulabu, muone ngati ana angaphunzirepo kanthu. Aphunzitsi, rimoti ija apatseni. Ndi kiyi."

Karimoti anapereka atagwira kunsonga ya waya, ngati chinthu chimene iwo ankafuna kale kutaya. Kiyi ndiye anavuta. Anali pa mphete yolimba pamodzi ndi makiyi a kunyumba, ndipo zala zawo zonenepa zinkangoterereka. Anakanda, anakanikiza, chikhadabo n'kuthyoka. Ahedi anali chitambasulire dzanja, osathandiza. Pomaliza mtsikana wamtali uja ndi amene anawachotsera, osawayang'ana n'kumaso komwe.

Lolemba m'mawa m'kachipinda muja munalowa bedi lachitsulo ndi bulangete. A Mlalang'amba anapezeka m'chipinda cha aphunzitsi, pa benchi ya kuseri kwa chitseko pamene pamakhala aphunzitsi oyeserera. Aliyense wolowa ankawagunda bondo ndi chitseko, ena kupepesa, ena osapepesa. Iwo anali atagwira mkono wa mnyamata wina woyeserera amene ankafuna kuthamangira kukalasi.

"Dikira kaye, ukachedwa pang'ono palibe kanthu. Ndikuti ine ndinawachenjeza. Makina ngati amene aja, ukakhala katswiri, umangomva kulira kwake."